Mafuwa, Mtapo ndi Nkhuni: Mbiri ya Moto wa Pakhomo ku Machinga ndi ku Balaka

Maboma a Machinga ndi Balaka, omwe lero amawerengedwa padera, anali boma limodzi kufikira m'chaka cha 1998, pamene dera la kumadzulo kwa mtsinje wa Shire linapatulidwa n'kukhala boma la Balaka, ndipo kale boma lonselo linkadziwika ndi dzina lakuti Kasupe. Kum'mawa kwa Shire kuli mapiri a Chikala, nkhalango ya Liwonde ndi madambo otsetserekera ku nyanja za Chilwa ndi Chiuta, pomwe kumadzulo kuli chigwa chotentha cha mvula yochepa, chodzala ndi milambe, migwalangwa ndi mitengo ya tsanya. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 735,000 ku Machinga ndi oposa 438,000 ku Balaka, ndipo pafupifupi onsewa amadya chakudya chophikidwa pa nkhuni kapena pa makala. Chifukwa cha ichi, wofuna kudziwa mmene anthu a kuno akhala akusamalira zinthu za pakhomo ndi zachilengedwe ayenera kuyambira pamoto, poti ndi pamene nkhalango, munda ndi mphamvu za mayi zimakumana tsiku ndi tsiku.

Anthu a m'derali anafika nthawi zosiyanasiyana. Amang'anja ndi Anyanja analipo kale m'mbali mwa Shire ndi Chilwa pamene David Livingstone anaona nyanjayi mu 1859. Ayao a mtundu wa Amachinga, omwe mafumu awo monga Kawinga, Liwonde, Kalembo ndi Msamala akadalipo mpaka lero, anakhazikika cha pakati pa zaka za m'ma 1800. Ndipo Alomwe anayamba kulowa mwaunyinji kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka zomwezo. Mitundu yonseyi imatsata ubale wa kuchikazi, kutanthauza kuti mwamuna ndiye ankasamukira kumudzi kwa mkazi, ndipo nyumba, mafuwa, miphika ndi nzeru zonse za kukhitchini zinkayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana wake wamkazi pamalo amodzimodziwo. Luso loumba mbiya ndi lakale kuposa mayina onse a mitunduyi: mapale amene akatswiri ofukula zakale amawatcha a mtundu wa Nkope, potengera malo a m'boma loyandikana la Mangochi kumene anawapeza, anaumbidwa zaka zoposa 1,500 zapitazo.

Dothi loumbira limatchedwa mtapo, ndipo silipezeka paliponse, moti mudzi uliwonse unkadziwa dambo kapena gombe lake lokatapa. Woumba ankanyowetsa dothilo, kulisinja kapena kuliponda, n'kuchotsamo timiyala ndi timizu, chifukwa kamwala kamodzi kotsalira kamaphulitsa mphika wonse pootcha. Akatero ankapota dothilo ngati chingwe chonenepa n'kumalisanjikiza mozungulira, dzanja lina lili m'kati, lina kunja, kwinaku akusalaza ndi chitsononkho cha chimanga ndi chigoba cha nkhono, mpaka pomaliza kukulunga ndi kamwala kosalala. Mphikawo unkauma pamthunzi masiku angapo, poti dzuwa limaung'amba, ndipo pambuyo pake unkaotchedwa pabwalo ndi makungwa ndi nkhuni zouma. Mwa njira imeneyi munkatuluka mphika wa ndiwo, nkhali yaikulu yophikira, mtsuko wosunga madzi ozizira, ndi mbiya yofululira thobwa kapena mowa. Chiwiya chikasweka sichinkatayidwa: phale lalikulu linkakhala lokazingira chimanga ndi mtedza, lina lomwera nkhuku, lina lopalira moto.

Moto weniweniwo unkasonkhedwa pakati pa mafuwa, ndiye kuti miyala itatu yotereka mphika, imene m'madera opanda miyala inkalowedwa m'malo ndi zibuma za dothi la pachulu. Mayi wodziwa ntchito yake sankaunjika nkhuni, koma ankalowetsa zitatu kapena zinayi m'mipata ya mafuwa, nsonga zokha n'kukumana pansi pa mphika, n'kumasonkhezera pang'onopang'ono, ndipo akangophula ankazikokera kunja kuti zizime n'kudikira kuphika kwina. Chikuni chachikulu cha mtengo wolimba monga tsanya kapena muwanga chinkagona m'phulusa usiku wonse, kotero kuti mmawa pankangofunika kupemerera. Chikazima, mwana ankatumidwa kukapala moto kwa anansi, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero mlendo wosakhalitsa amafunsidwa ngati wangobwera kudzapala moto. Pamwamba pa moto pankamangidwa nsanja yosungirapo mbewu za chimanga, mapira ndi khobwe, kuti utsi uziingitsa anankafumbwe ndi kuumitsa mbewuzo kufikira dzinja. Utsi womwewo unkakhwimitsa udzu wa denga. Phulusa linkathiridwa m'munda wa pakhomo, m'chimbudzi ndi m'mbewu zosungidwa, linkatsukira mbale, ndipo la zitsononkho kapena la makoko a nyemba linkasungunulidwa ndi madzi m'phale loboola n'kukhala chidulo, madzi ofewetsa therere ndi nkhwani, amenenso amafupikitsa nthawi imene ndiwo zikhala pamoto.

Kasungidwe ka chakudya kankatsata nzeru yomweyo yosunga nkhuni, pogwiritsa ntchito dzuwa m'malo mwa moto. Masamba a khobwe, a maungu ndi a nyemba ankafutsidwa, kutanthauza kuwawiritsa pang'ono n'kuwayanika, ndipo mfutsowo unkakulungidwa m'masamba akuluakulu a msuku n'kumangidwa ndi luzi kukhala chikwatu chopachika kudenga. Chinangwa chinkasanduka makaka, gaga wa chimanga ankapita kwa nkhuku kapena kudikira chaka cha njala, bango la m'madambo linkasokedwa mphasa, ndipo mlaza wa mgwalangwa unkalukidwa mikeka. Sikoyenera kukometsa moyo umenewu mopitirira, ngati kuti makolo ankachita zonsezi pofuna kuteteza dziko monga mmene mabungwe amanenera lero. Ankatero chifukwa chilichonse cha pakhomo chinkadza ndi thukuta, ndipo amene wasenza mtolo wa nkhuni pamutu kuchokera kuphiri sasowa womuphunzitsa kuzisunga. Komabe zotsatira zake zinali zabwino kwa nkhalango, makamaka poti mwambo unkathandizirapo: amayi ankatola nkhuni zouma zokha, mitengo ya zipatso monga masuku ndi bwemba inkasiyidwa polima, ndipo ya kumanda sinkakhudzidwa. Mafuwa amataya kutentha kwambiri m'mbali, makamaka kukakhala mphepo, koma pamene anthu anali ochepa ndipo thengo linali kuseri kwa nyumba, kutayako sikunali nkhani.

Zinthu zinayamba kusintha ndi kudza kwa Azungu. Sitima zapamadzi zoyendera nthunzi, zimene zinkayenda pa Shire pakati pa Matope ndi nyanja ya Malawi kuyambira pamene Ilala yoyamba inadutsa mu 1875, zinkadya nkhuni zambiri, ndipo apa ndi pamene mtengo unayamba kukhala ndi mtengo wa ndalama. Ulamuliro wa Britain utakhazikika, Kawinga atagonjetsedwa ku Chikala mu 1895, msonkho wa nyumba unakakamiza banja lililonse kupeza ndalama, kaya polima thonje, kaya pokagwira ntchito kutali. M'zaka za m'ma 1920 boma la atsamunda linaika nkhalango za Liwonde ndi Malosa m'manja mwake pofuna kuteteza magwero a mitsinje, ndipo mu 1926 linayambitsa nkhalango za m'midzi zoyang'aniridwa ndi mafumu. Cholinga chinali chabwino, koma kwa mayi wa m'tsinde mwa phiri zinatanthauza kuti malo amene agogo ake ankatolako nkhuni tsopano anali ndi mlonda, ndipo nkhalango inasanduka chinthu cha boma, chosati n'kuchisamala koma kuchizemba. Njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima, imene inadutsa pa Balaka mu 1935, inakulitsa malo a malonda, ndipo m'masitolo munabwera machesi, palafini ndi mapoto achitsulo. Poto sasweka ndipo amatentha msanga, choncho analanda malo a mphika pang'onopang'ono, mpaka oumba mbiya anatsala ochepa, ambiri a iwo okalamba, oumba mitsuko ya madzi ndi miphika ya nyemba basi.

Dziko litalandira ufulu, chiwerengero cha anthu chinakwera kuchoka pa mamiliyoni 4 mu 1966 kufika pa 17.5 miliyoni mu 2018, ndipo minda inalowa m'malo amene kale anali thengo. Nkhuni zinapezanso odya ena ambiri kupatula khitchini: mauvuni a njerwa, poti aliyense ankafuna nyumba ya njerwa zootcha ndi malata, ng'anjo za laimu za ku mapiri a Chenkumbi ku Balaka, ndiponso owamba nsomba m'madoko a Chilwa monga Mposa, kumene milamba ndi makumba zimaumikidwa pa utsi. Boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linayambitsa tsiku lobzala mitengo pa 21 Januwale 1976, ndipo m'zaka za m'ma 1980 linalimbikitsa kwambiri bulugamu, mtengo wokula msanga koma womwa madzi ambiri, umene alimi sankaufuna pafupi ndi chimanga chawo. Nkhondo ya ku Mozambique inabweretsa othawa kwawo oposa miliyoni imodzi m'maboma a m'malire, ndipo pambuyo pa 1994 anthu ambiri anamva ufulu wa zipani zambiri ngati chilolezo cholowa m'nkhalango za boma. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ulendo wa ku nkhuni umene kale unali wa kanthawi unasanduka wa theka la tsiku m'midzi yambiri ya ku Balaka, ndipo mapesi, zitsononkho ndi mitengo ya thonje zinayamba kulowa pamoto osati mwa kufuna koma mwa kusowa.

Ndi m'nyengo imeneyi mmene munabadwira Chitetezo Mbaula. Mawu akuti mbaula Amalawi ankawadziwa kale potchula chitini choboolaboola kapena chiwiya cha malata chophikirapo ndi makala m'tauni, koma Chitetezo ndi mbaula ya nkhuni, youmbidwa ndi dothi lokhalokha. Inayambira ku Mulanje cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, m'ntchito yothandiza anthu kukhala ndi chakudya chokwanira imene bungwe la ku Germany la GTZ linkathandizira, potengera mbaula za dothi zimene zinkaumbidwa kale ku Kenya. Maonekedwe ake ndi a ndowa yaifupi yokhuthala, yokhala ndi khomo limodzi m'munsi lolowetsera nkhuni, timitu toterekapo poto pamwamba, ndi zogwirira m'mbali kuti inyamulidwe kupita m'khitchini mvula ikagwa kapena pabwalo kukatentha. Chinsinsi chake n'chapafupi: chipupa cha dothi chimatchinga mphepo ndi kusunga kutentha, mpweya umalowa pakhomo limodzi lokha, ndipo malawi alibe kwina kothawira koma pansi pa poto. Poyesa, yapezeka kuti imapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhuni zimene mafuwa amadya, ndipo imayaka bwino ndi timitengo ting'onoting'ono timene pamafuwa timangopsereza osapsetsa kanthu.

Kaumbidwe kake n'komwe kakuonetsa chifukwa chimene mbaulayi inamera mizu pamene zina zambiri zochokera kunja zinalephera. Dothi ndi mtapo womwe uja, wokumbidwa, kufundikidwa kuti ufewe, kupondedwa ndi mapazi ndi kuchotsedwa miyala monga ankachitira agogo. Chatsopano ndi chikombole chachitsulo chokhala ndi chopalira chozungulira pakati, chimene chimapangitsa kuti mbaula zonse zituluke zofanana kukula ndi kukhuthala, komanso ng'anjo ya njerwa yootchera mbaula zambiri nthawi imodzi ndi nkhuni zochepa. Mbaula ikatuluka m'chikombole imasiyidwa kuti ilimbe pang'ono, kenaka woumba amadula khomo ndi mpeni potsata muyezo, amamata timitu ndi zogwirira, amasalaza ndi kamwala, n'kuiika pamthunzi milungu ingapo asanaiotche. Yopsa bwino imalira ngati belu munthu akaigogoda ndi chala, ndipo wogula wochenjera pamsika sagula asanagogode. Zonsezi mayi wa ku Machinga kapena ku Balaka sanaziphunzire ngati zachilendo, koma anazizindikira ngati luso la kwawo limene linali pafupi kufa, ndipo tsopano linkabweretsa ndalama.

Balaka ndi limodzi mwa maboma amene mbaulayi inafalikira kwambiri, makamaka kudzera m'bungwe la Concern Universal, limene mu 2016 linasintha dzina kukhala United Purpose. Pakati pa 2007 ndi 2010, m'dera la Mfumu Msamala, bungweli linafikitsa mbaula ku mabanja pafupifupi 9,000, ndipo linachita chinthu chanzeru chimene chiyenera kukumbukiridwa: banja logula mbaula linkalandiranso mbewu ya nandolo ya mtundu wa Mthawajuni. Nandolo ndi mbewu yakale m'chigawo cha kummwera, yobzalidwa pamodzi ndi chimanga, yopirira chilala chifukwa mizu yake imazama, ndipo masamba ake akayoyoka amabwezera chonde m'nthaka. Mthawajuni, monga dzina lake likunenera, amacha msanga chisanu cha Juni chisanafike, ndipo ali ndi mitengo yonenepa. Motero munda umodzi unkapereka ndiwo, kandalama, manyowa ndi nkhuni, ndipo nkhunizo zinali za msinkhu woyenera khomo la Chitetezo. Mu Januwale 2013 Pulezidenti Joyce Banda analengeza cholinga chakuti mbaula zosunga nkhuni zokwana mamiliyoni 2 zikhale zitafika m'makomo pofika 2020, ndipo boma linanena kuti chiwerengerocho chinakwana m'chaka chomwecho. Ku Balaka mbaula zinaperekedwanso kwa mabanja osauka kwambiri olandira ndalama za Mtukula Pakhomo, mothandizidwa ndi dziko la Ireland, poona kuti okalamba ndi odwala, amene ulendo wa ku nkhuni umawalemera koposa, ndiwo analibe ndalama yogulira.

Chilungamo chimafuna kuti zofooka zake zinenedwenso. Chitetezo imang'ambika ndi kusweka pakapita zaka zingapo, ndipo kumene kulibe gulu loumba pafupi, banja limabwerera ku mafuwa. Siinyamula nkhali ya pamaliro, ya pasadaka kapena mgolo wa thobwa, siiotheka bwino m'miyezi yozizira, ndipo m'makomo ambiri imakhala pambali pa mafuwa, ina ikuphika ndiwo, ena nsima. Kuwerenga mbaula zogawidwa sikufanana ndi kuwerenga mbaula zoyaka. Pa nkhani ya utsi napo pafunika kusamala polankhula, chifukwa kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga, wofalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kumapeto kwa 2016, anapeza kuti ngakhale mbaula zamakono kwambiri zokhala ndi chopemerera sizinachepetse chibayo pakati pa ana aang'ono. Phindu lodalirika la Chitetezo ndi nkhuni zochepa, nthawi yopulumutsidwa, ndi moto wotchingidwa umene mwana wokwawa sagweramo mosavuta, ndipo ili lokha ndi phindu lokwanira.

Kusunga nkhuni sikunathere pakhomo pokha: ku Chilwa, nyanja yosazama imene inaphwa mu 1968, mu 1995 ndiponso pafupifupi yonse mu 2018, ntchito yothandiza anthu kupirira kusintha kwa nyengo imene inayamba mu 2010 inabweretsa nyumba za pulasitiki zoyanikiramo matemba ndi mauvuni owambira nsomba osadya nkhuni zambiri. Kumenekonso nzeru yake inali yakale, yakuti dzuwa ligwire ntchito imene likhoza kugwira.

Funso lotsala ndi lakuti n'chifukwa chiyani mapiri a Liwonde ndi Malosa akupitirira kuyera pamene makomo a m'midzi akusunga nkhuni chotere, ndipo yankho lake lili pamsewu wa pakati pa Liwonde ndi Zomba, pamene njinga zosenza matumba a makala zimatsika mbandakucha. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2007 ndi Patrick Kambewa ndi anzake anapeza kuti mizinda inayi ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba inkatha matumba a makala oposa mamiliyoni 6 pachaka, zimene zinkafuna kugwetsa nkhalango ya mahekitala pafupifupi 15,000, ndipo oposa theka la makalawo ankachokera m'nkhalango zotetezedwa. Mayi wotola nkhuni amatenga nthambi youma, koma wootcha makala amagwetsa mtengo wamoyo, ndipo mu uvuni wa dothi gawo lalikulu la mtengowo limathera mu utsi. Phiri likayera, mvula imakokolola dothi kudzera m'mitsinje monga Likwenu ndi Rivirivi kulowa mu Shire, matope ndi zinyalala zimatseka makina opangira magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani, magetsi amazima m'tauni, ndipo a m'tauni amagula makala ochulukirapo. Wootchayo kawirikawiri ndi mlimi amene chimanga chamuthera, ndipo pa mtengo umene thumba limagulitsidwa mumzinda iye amalandirapo gawo lochepa.

Boma linakhazikitsa ndondomeko ya makala ya zaka za 2017 mpaka 2027, ndipo mu 2020 linakhwimitsa zilango za m'lamulo la nkhalango la 1997, koma lamulo lolanga wootcha popanda kupatsa wogula china chophikira limangokweza mtengo wa thumba. Mabanja a m'midzi ya Machinga ndi Balaka achita mbali yawo kuyambira nthawi ya chikuni ndi chidulo mpaka ya Chitetezo ndi Mthawajuni, ndipo aichita ndi chuma chochepa kwambiri. Mbali imene sinachitike ndi ya m'mizinda ndi ya boma, yopezera anthu a ku Zomba, Blantyre ndi Lilongwe magetsi odalirika, gasi wotsika mtengo kapena makala a mitengo yobzalidwa, ndipo kufikira zimenezo zitachitika, nkhalango ya Liwonde idzapitirira kutsika phiri pa njinga.